Mutu 6: Fulashi ya Buluu

1. Kamzere Kaimanso

Kamzere kobiriwira kadayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa sikirini, kenako kadaima. Padatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi amene aliyense m'chipindamo adali atawaloweza kale: fayilo ndi yowonongeka, pulogalamu siingathe kulowa.

Palibe adadabwa. Kudabwa kumafuna mphamvu, ndipo mphamvu zidali zitatha.

Udali mwezi wa Malichi, masana, malata akuthetheka ndi dzuwa. Samira Sumani, mtsikana wa Fomu 3, adakhala pabenchi milomo itauma gwa, poti udali mwezi wa Ramazani ndipo adali asanalawe kanthu chiyambire mbandakucha. Pambali pake padali Cedric, mnzake wa m'kalasi, mwana wa alimi a mpunga a kuchigwa. Pa laputopu padali a Goliati, aphunzitsi a sayansi, amene ankatsogolera kalabu ya zamagetsi pasukulu yoyendera ya pafupi ndi Manjawira.

Nkhani yake idali iyi. Chaka chatha pampu ya sola ya bambo ake a Cedric idapsa chifukwa idapitiriza kupopa chitsime chitaphwa, ndipo mpunga udauma utangoyamba kutulutsa ngala. Cedric adaganiza zopanga kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika. A Goliati adaikonda nzeruyo, nailembetsa ku mpikisano wa masukulu. Koma a mpikisano sankalandira zojambula papepala. Ankafuna kuti njira zonse za magetsi, waya uliwonse ndi kachitsulo kalikonse, zijambulidwe pakompyuta ndi pulogalamu ina yake.

Pulogalamuyo idali yaulere. Adaipanga anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaloledwa kuitenga, kuisuzumira m'kati, ngakhale kuikonza. Koma zaulere za kunja zimafika kuno zitatopa, ndipo zimatopetsanso wozitenga. Fayilo yake idali yaikulu, pamene netiweki ya pasukulupo inkapezeka munthu akakwera pachulu cha kuseri kwa zimbudzi. Choncho Cedric adapalasa njinga mpaka ku Balaka, kumene msuweni wake ankagwira ntchito mu ofesi yokhala ndi intaneti, nakaikopera pafulashi ya kalabu. Itakana kulowa, adapalasanso kachiwiri. Tsopano idali itakananso.

Adali atayesa zonse. Adazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Adakonza wotchi yake, imene inkaganiza kuti tikadali m'chaka chimene Samira ankakwawa. Adafufuta zithunzi za tsiku la masewera kuti malo apezeke. Adagoneka kaye pulogalamu yolondera mavayirasi. A Goliati adafika pouzira mpweya kukamwa kwa fulashi n'kuipukuta ndi tayi, ngati ali ndi sipakapulagi ya njinga yamoto. Kamzere kadaimabe pomwe paja.

A Goliati adavula magalasi, natembenukira kwa Cedric.

"Mnyamata iwe, ndimvere, ndipo undimvere bwino chifukwa sindibwereza. Ine ndaphunzitsa ana ambiri. Ndaona anzeru kuposa iwe akuthera pa tebulo la pulu pamsika apa. Chimene chimagwetsa mwana wanzeru si umbuli ayi, koma tinthu ting'onoting'ono timene amati palibe aone. Ndakutuma ku Balaka ndi fulashi ya kalabu. Pobwerera wadutsa pobenetsa nyimbo, wati ndingoikamo ziwiri zokha zovina. Sukudziwa kuti mavayirasi a makompyuta a m'misika ali ngati anankafumbwe? Akalowa m'thumba limodzi, nkhokwe yonse yapita. Laputopu ino ndi imodzi. Ikafa, amene adatipatsa aja sadzabweranso, zithunzi zawo adajambula kale. Sindingapite ku mpikisano ndi munthu amene sindingamutume. Mawa Lachisanu ndikutumiza maina. Tidzayesa komaliza mmawa. Ikakana, tidzapempha kuti atilole kutumiza chojambula mochedwa, koma dzina lako ndichotsa, ndiika la Tisunge wa Fomu 4."

"Sala, nyimbo sindinaikemo," adatero Cedric, mawu ali pansi. "Muli mavidiyo a maphunziro amene munandituma aja, ndi pulogalamuyo basi."

"Wakuba aliyense amati ndimangodutsa."

Samira adayang'ana fulashi ija. Idali ya buluu, yonyezimira, nambala 64 italembedwa pamsana pake ndi utoto wagolide. Ankaidziwa bwino. Idachokera m'sitolo ya kwawo, ndipo adaibweretsa ndi iye mwini.

2. Panjira

Cedric sadakwere njinga. Ankangoikankha, Samira ali pambali.

"Iwe, ukuyenda ngati nkhuku yovumbwa," adatero Cedric. "Wochotsedwa ndine, osati iwe."

"Ndasala ine. Iwe wadya."

"Ndadya chiyani? Fumbi la pa Chingeni? Miyendo yangayi tsopano ikudziwa dzenje lililonse la mseu wa ku Balaka. Amayi akuti ndisadandaule, sukulu ikakanika ndidzakhala wakabaza, poti maphunziro ake ndayamba kale."

Samira adaseka pang'ono, koma kuseka kudamupweteka pakhosi.

"Nyimbo sunaikemo zoona?"

Cedric adaima. "Nawenso?"

"Ndangofunsa."

"Pampu idapsa ndi ya kwathu, Samira. Amene tidadya mpunga wogula chaka chonse, ife alimi a mpunga, ndi ife. Ndingasewere nazo zimenezo chifukwa cha nyimbo?"

Adapitiriza ulendo mpaka pamsika.

Amene adaudziwa Manjawira wakale sachedwa kuusa moyo akamadutsapo. Kale pamseupo padali masitolo owerengeka a makhonde otakata, telala ali pakhonde ndi makina ake, ndipo wailesi ikafa inkapita kwa wokonza n'kubwerako ikuyankhula. Lero pali timabenchi tambirimbiri ta zinthu zonyezimira zimene zimabadwa zili zakufa kale: machaja a sabata imodzi, mababu oopa mdima, mahedifoni omvera khutu limodzi. Palibe akonza kanthu. Anthu adazolowera kugula chinthu chimodzi kawiri, ndipo zimenezo adazitcha chitukuko.

Cedric adakhotera njira yotsikira kuchigwa. Sadatsanzike.

3. Nkhuku Sizinaoneke

Sitolo ya a Sumani, bambo ake a Samira, idali imodzi mwa zakale zija. Ankagulitsa shuga, mchere, sopo ndi nsalu. Maso atayamba kuchita chifunga, adapereka ngodya imodzi kwa mwana wawo wachisamba, Kareem, kuti azigulitsiramo za mafoni. Kareem adaikamo kompyuta yakale yoikira anthu nyimbo, ndi bokosi la mafulashi a buluu.

Samira adapeza m'sitolo muli phokoso. Amake Janeti, mayi wamtali wogulitsa tomato, adali atatsamira kauntala.

"Kareem, mwana wa a Sumani, ndiyang'ane kumaso. Chinkhoswe cha Janeti wanga, wojambula uja anachiika m'kanthu kako aka. Tasonkhana mudzi wonse kuti tionere. Alendo afika, taona. Ankhoswe ayamba kulankhula, taona. Pofika posinthana nkhuku, zii! Mdima. Nkhuku sizinaoneke, pelekanipelekani sanaoneke, ine ndi chitenje changa chatsopano sindinaoneke. Wojambulayo akuti kwake anafufuta kale."

"Mami, imeneyo ndi vayirasi," adatero Kareem, maso ali pafoni. "Mwaiika pa tivi ya ndani?"

"Vayirasi! Aliyense vayirasi, vayirasi. Kodi vayirasiyo inkadikira nkhuku?"

"Katundu akatuluka m'pepala sabwerera, mami."

Amake Janeti adaponya fulashi pakauntala. "Idya. Chinkhoswe sichichitika kawiri."

Samira adaima ndi chikwama chake kumsana. Vidiyo ya chinkhoswe idafera pakati. Kamzere kobiriwira kadaferanso pakati. Mafulashi onse awiri adali a buluu.

Pakhomo amake Janeti adakumana ndi a Sumani akuchokera kumzikiti. Adawapatsa moni wa mawu amodzi, osagwada, nadutsa.

"Mayi aja apsa ndi chiyani?" adafunsa a Sumani.

"Palibe, ababa. Makasitomala a masiku ano."

A Sumani adakhala pampando wawo wa nsungwi. Adakweza maso kuyang'ana pamwamba pa shelufu, pamene padali sikelo yakale ya mbale ziwiri, ngakhale sankaionanso bwino.

"Ana inu, sikelo ili pamwambayo ndi ya agogo anu. Aboma ankabwera ndi miyala yawo kudzaiyesa, ndipo sadaipezepo cholakwa. Anthu a kuchigwa ankadutsa masitolo ena onsewa, katundu ali pamutu, kudzagula mchere pano. Sikuti unali wotchipa ayi, koma kilo ya pano inali kilo. Mavenda a masiku ano mumawaona. Pogula mpunga kwa mlimi abwera ndi ndowa yotupa kunsi. Pogulitsa atulutsa ina yophwanyidwira m'kati ndi mwala. Ukaziona kunja, ndowa ziwirizo n'zofanana. Ine ndilibe minda, ndilibe ng'ombe ngati Angoni a kumapiri. Chimene ndidzakusiyireni ndi dzina lili pakhomopo. Mukudya dzinalo, mukuvala dzinalo, sukulu ya Samira ndi dzinalo. Dzina limakwera ngati khoma, njerwa imodziimodzi, koma pogwa sililawira. Tsono amene adzaliipitse, kaya ndi dzanja kaya ndi pakamwa, kaya mlendo kaya wobadwa m'nyumba muno, ndidzati wandikumbira manda ndili moyo."

"Tamva, ababa," adatero Kareem.

"Tamva," adateronso Samira.

Aliyense mwa awiriwo adasunga mawu amene ankaona kuti akumuyenera mnzake.

4. Ndowa Yophwanyidwa

A Sumani adapita kuseri kukagona pang'ono. Kareem adatuluka kukachingamira katundu pa minibasi. Samira adatsala yekha ndi kompyuta.

Ya amake Janeti sadaikhudze, poopa kufafaniza ngakhale theka limene lidatsalamo. Adatenga fulashi yatsopano m'bokosi, nang'amba pepala lake. Kompyuta idati malo alimo ambiri, magiga 64. Samira adasankha nyimbo za Kareem, mulu waukulu, nazikopera m'menemo. Fulashi idameza zonse osadandaula. Zidatenga nthawi. Ntchentche zinkazungulira thumba la shuga, ndipo mutu unkamuwawa.

Zitatha adaizula, naibayanso. Adatsitsa mawu, poti udali mwezi wopatulika, natsegula nyimbo yoyamba. Idaimba. Adatsegula ina ya cha kumtunda komweko. Idaimbanso. Kenako adatsikira kumunsi kwa mndandanda. Maina onse adalipo, aliyense pamalo pake, koma atatsegula padatuluka kabokosi kaja: fayilo ndi yowonongeka.

Adang'amba yachiwiri. Chimodzimodzi.

Fulashiyo idali ndowa yophwanyidwira m'kati. Kunja inkati ndine wamkulu, ndipo ngakhale kompyuta inkaikhulupirira. M'kati idali kachibekete. Ikadzaza siinkanena. Inkangolandira zinthu, kulemba maina ake, zenizenizo n'kumatayikira kumbali. Cedric adali atayamba waikamo mavidiyo a a Goliati. Pamene pulogalamu inkalowa, kachibekete kadali katadzaza kale. Akadapalasa ku Balaka mpaka matayala kutha, kamzere kakadaimabe pakati.

"Ukutani ndi katundu wanga?"

Kareem adali ataima pakhomo, katoni ili paphewa. Adaona mapepala awiri ong'ambika.

"Achimwene, izi si 64."

"Zalembedwa chiyani?"

"Zalembedwa 64."

"Ndiye ndinalemba ndine?"

Kareem adatsitsa katoni, nasuzumira kuseri kumene bambo awo adagona, kenako adayandikira.

"Ndinagula ku Limbe, kwa munthu wa pakhonde, bokosi lonse. Ndinazindikira mochedwa. Foni yake siikupezekanso. Ukufuna ndizitaye m'chimbudzi? Anthu ambiri amaikamo tinyimbo tochepa, sadzafika n'komwe pamapeto. Akusangalala. Vuto lili pati?"

"Cedric akumuchotsa ku mpikisano mawa. A Goliati akuti anaikamo vayirasi."

"Cedric ndi ndani wako? Msuweni? Wamalume?" Kareem adakhala pa katoni ija. Mawu ake sadali aukali, adali otopa. "Tamvera, mlongo wanga, ndine mkulu wako. A Goliati omwewo anauza Fomu 4 yonse kuti igule mafulashi pano, poti pa a Sumani sanamiza. Ukatsegula pakamwa kusukulu, pofika madzulo Manjawira yense adziwa. Sadzati Kareem ayi. Ine ndani amandidziwa? Adzati a Sumani. Wamva wekha zimene anena: kaya ndi pakamwa. Ndipo ukudziwa mmene magazi awo amathamangira. Chaka chatha tinawanyamula pa machila a njinga, waiwala? Ndipatse nthawi, ndizichotsa mwakachetechete, ndibweretsa zenizeni. Chibale ndi fupa, Samira, sichiola. Mpikisano ubweranso chaka chamawa. Bambo sabweranso."

Samira adatenga imodzi mwa mafulashi ong'ambidwa aja naiika m'thumba la yunifolomu. Kareem adaona, koma adayang'ana kumbali.

Dzuwa litalowa, pomasula, Samira adamwa madzi, nadya futali pang'ono. Bambo ake adamufunsa ngati akudwala. Adati ndi kutentha.

5. Sala, Dikirani

Lachisanu mmawa, pa nthawi yopuma, kalabu yonse idasonkhana. Kudalinso Tisunge, mtsikana wa Fomu 4 wodziwa masamu, amene ankavala fulashi yake ya buluu m'khosi ngati mkanda.

A Goliati adayesa komaliza. Kamzere kadanyamuka. Ana onse adakayang'ana ngati anthu operekeza maliro a munthu amene adadwala nthawi yaitali. Kadafika pakati, kadaima.

"Basi," adatero a Goliati, natulutsa foni kuti akatumize maina pachulu paja.

Cedric adaimirira, natenga chikwama. "Zikomo, Sala. Chojambula cha pampu chili m'kope langa. Tisunge atha kutenga."

Adaika kopelo patebulo, nayamba kulunjika kuchitseko.

"Sala, dikirani."

Mawuwo adatuluka mosasa, moti Samira adachita kubwereza. Onse adatembenuka.

"Tsegulani vidiyo yoyamba mwa amene munamutuma Cedric aja."

"Samira, ino si nthawi yoonera mavidiyo."

"Chonde, Sala. Yoyamba, kenako yomaliza."

A Goliati adapukusa mutu, koma adatsegula. Yoyamba idaonetsa mzungu wa ndevu akufotokoza za mabatire. Adatsegula yomaliza, imene adali asanaionereko chibweretsereni. Padatuluka kabokosi kaja. Adatsegula yotsatana nayo. Kabokosi komweko.

"Nyimbo mwaziona m'menemo, Sala?"

A Goliati adafufuza. Mudalibe.

Samira adatulutsa fulashi ya m'thumba mwake naiika patebulo. Adafotokoza zimene adachita dzulo lake: nyimbo za kumtunda zoimba, za kumunsi zongotsala maina. Adanena za ndowa ya mavenda. Sadakweze mawu, ndipo sadayang'ane munthu.

"Pulogalamu ilibe vuto. Laputopu ilibe vuto. Cedric sanalakwe. Fulashiyi ndi yaing'ono, ikungonama."

Tisunge adagwira mkanda wake uja.

"Iyi ya kalabuyi inagulidwa kuti kodi?" adafunsa Tisunge, ngakhale yankho lidali m'khosi mwake.

"Kwathu," adatero Samira. "Ndinabweretsa ndine. Bokosi lonse lili choncho."

"Iii! Ndiye manotsi anga onse a mayeso?"

Ana awiri a kumbuyo adali atayamba kale kunong'onezana, mmodzi dzanja lili m'thumba pamene padali foni.

A Goliati adayang'ananso kabokosi ka pa sikirini. Kenako adatulutsa makiyi awo. Pakati pa makiyiwo padali kafulashi kakale, kakuda, kokalikakalika, kopanda chivindikiro.

"Aka ndi ka magiga anayi okha," adatero. "Koma anayi ake ndi anayi. Cedric, fayilo ija msuweni wako akadali nayo?"

"Ali nayo, Sala. Koma miyendo yanga..."

"Siya njingayo. Ukwera yanga yamoto."

Kuno akulu sapepesa ndi pakamwa. Amapepesa ndi petulo.

Atavala chipewa cha njinga yamoto, a Goliati adaima pafupi ndi Samira.

"Mwana wanga, zimene wachitazi ndi zabwino, koma usayembekezere kuti zikukomera lero. Ife tidakula ndi kwinini. Ankachiza, koma palibe adamuyamikapo ali pakamwa. Ena akuthokoza, ena akutukwana, ndipo ena mwa okutukwanawo umadya nawo mbale imodzi. Usawabwezere. Ndiponso usadzitame. Ine ndakalamba, ndaweruza mwana popanda kutsegula vidiyo imodzi yokha. Chida chikakana, yamba wafunsa chidacho, usanafike pa munthu. Ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, lero ndaphunzitsidwa."

6. Kupitirira Pakati

Ana ena adaweruka masana. Samira adatsala, atakhala pakhonde la kalasi, akuona mthunzi wa mlambe ukusuntha. Akadatha kupita kwawo. Sadapite.

Njinga yamoto idabwera dzuwa litapendeka. A Goliati ndi Cedric adatsika ali mbuu ndi fumbi. Adabaya kafulashi kakuda kaja, mmene mudali fayilo imodzi yokha.

Kamzere kadanyamuka. Kakuyandikira pakati, Cedric adatsinzina.

"Kaima?" adafunsa.

"Kakuyenda," adatero Samira.

"Usandinamize."

"Ine zonama ndasiyira fulashi. Tsegula maso."

Kamzere kadadutsa pakati ngati kuti padalibe chilichonse, kadakwawa mpaka kumapeto. Pulogalamu idatseguka. Padaoneka pepala loyera la timadontho, ndipo kumbali kudali mndandanda wa tizipangizo tambirimbiri. Cedric adasankha rezisita imodzi, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, naikokera pakati pa pepalalo. Idakhala mopendama. Adaisiya choncho.

Palibe adakuwa, palibe adaomba m'manja. A Goliati adakwera pachulu cha kuseri kwa zimbudzi, foni ili m'mwamba, natumiza maina. Pobwera adangoti, "Cedric, Lolemba uyambe kujambula. Waya aliyense."

Panjira Cedric ankakankhanso njinga yake.

"Kwanu akakumenya?" adafunsa.

"Ababa samenya."

"Ndiye bola."

"Bola akanamenya."

Atafika pamphambano ya kuchigwa Cedric adaima, nati, "Ndikuperekeze?"

"Pita. Ukauze amayi ako kuti za kabaza zija zayamba zaima."

Samira adaona khamulo akadali patali. Pakhonde la sitolo padali ana a Fomu 4, ena akadali mu yunifolomu, Tisunge ali patsogolo. Padali wometa wa pamsika, padali mlaliki wina ndi chikwama chake. Padalinso amake Janeti, atavala chitenje chatsopano chija. Aliyense adali ndi kanthu ka buluu m'manja. Sankakuwa. Kukuwa kudali kutatha, ndipo chotsala chidali kudikira.

Atamuona, adapatuka kumupatsa njira.

M'sitolo, Kareem adali ataima chotsamira khoma, manja kumbuyo, maso pansi. A Sumani adali kuseri kwa kauntala. Sikelo ya agogo idali itatsitsidwa pashelufu, fumbi lake likadali pomwepo, ndipo pambali pake padali bokosi la mafulashi lotsegula.

Kumzikiti azana, kuitanira anthu ku mapemphero a madzulo, idayamba. Nthawi yomasula idali itakwana, koma palibe adasuntha.

"Ndi Samira ameneyo?" adafunsa a Sumani. "Bwera pafupi, maso angawa saona patali."

Samira adayandikira. Mtsempha wa pachipumi pa bambo ake unkagunda moonekera. A Sumani adathira madzi m'kapu, ena natayikira pakauntala, ndipo adamupatsa.

"Yamba wamwa. Wasala tsiku lonse."

Samira adamwa.

"Anthuwa akuti mawu achokera kwa iwe," adatero a Sumani. "Zoti katunduyu ndi wonama ndamva, ndipo aliyense wayima pakhondepo ndithana naye ndekha. Kareem akuti naye wadabwa, akuti wazimvera lero lomwe lino. Tsono iwe ndi amene wayamba kunena zoona, umalize. Ndiuze pamaso pa anthuwa: m'nyumba mwanga muno, alipo amene ankadziwa?"

Kareem adakweza mutu, namuyang'ana mlongo wake.

Samira adaika kapu pakauntala, pafupi ndi sikelo.